Mafunso ndi mayankho: kugula chifefe, rifle ndi zipangizo zake mu Lilongwe

Pa kauntala ya shopu yathu yogulitsa mfuti pamafika anthu osiyanasiyana. Pamabwera mlimi wa ku Mitundu amene nguluwe zamuthera chimanga, mwini famu ya ng'ombe chakufupi ndi Dzalanyama, bambo wa m'tauni amene akuba amuthyolera nyumba, ndiponso mnyamata amene wangoona chithunzi cha mfuti pa Facebook n'kukopeka nacho. Mafunso awo amakhala ofanana ndithu, ndiye tawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho amene timapereka. Ena mwa mayankhowa sakoma m'khutu kwa munthu amene wabwera ndalama zili m'thumba, koma mfuti si katundu woti wogulitsa azingonena zokomera wogula.

Ndalama ndili nazo. Kodi ndingagule lero n'kupita nayo kunyumba?

Ayi. Ndalama ndi chinthu chomaliza pa nkhani imeneyi. Lamulo la mfuti m'dziko muno, Firearms Act, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, ndipo limafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo asanatenge mfuti kapena zipolopolo. Mukhoza kubwera, kuona, kunyamula, kufunsa mafunso onse amene muli nawo ndi kusankha imene yakukomerani. Koma mfutiyo situluka pakhomo pathu mpaka mutabweretsa chikalata chochokera kupolisi. Ifenso tili pansi pa lamulo lomwelo: mfuti iliyonse yolowa ndi yotuluka timailemba m'kaundula pamodzi ndi nambala yake, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yodzaona kaundulayo.

Ndiye chilolezocho ndiyambira pati?

Yambirani kupolisi ya m'dera limene mukukhala, chifukwa ndi iwo amene angathe kufufuza za inu mosavuta. Pempho lanu limakafika ku ofesi yoona za mfuti ku likulu la apolisi ku Area 30 konkuno ku Lilongwe. Pitani ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo konzekani kufunsidwa za mbiri yanu, za kumene mukukhala ndi za kumene mudzasunge mfutiyo.

Chachikulu chimene timawauza anthu ndi chakuti chifukwa chofunira mfuti chikhale chomveka komanso choona. Ngati ndi zilombo zowononga mbewu, nenani munda uli kuti, ndi waukulu bwanji, zikuwononga ndi nyama zanji. Ngati ndi kusaka mbalame, nenani zomwezo. Munthu amene amayamba wanena za nkhanga, mawa n'kunena za akuba, mkuja n'kunena kuti m'bale wake ndiye akuifuna, amadzitsekera yekha khomo.

Chilolezo chimamangidwa pa munthu mmodzi ndi mfuti imodzi, yodziwika ndi mtundu wake ndi nambala yake. Laisensiyo imafunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Ambiri amaiwala mbali imeneyi, n'kudzadzidzimuka pa rodibuloko atapezeka ndi mfuti imene mapepala ake anatha kalekale.

Wina wandiuza kuti angathe kundifulumizitsira mapepala ndikamupatsa kangachepe. Ndimupatse?

Musayerekeze. Adobadoba alipo paliponse pamene pali mzere wa anthu odikira, ndipo pa nkhani ya mfuti ndi oopsa koposa, chifukwa pepala lachinyengo likapezeka, womangidwa ndi inuyo amene mfuti ili m'manja mwanu. Dziyendereni nokha, lipirani pamalo oyenera, tengani lisiti la boma. Kufufuzako kumatenga nthawi, ndipo ife timaona kuti n'koyenera kutero.

Chifefe ndi rifle zimasiyana bwanji?

Suzumirani mumpope wa chifefe chopanda chipolopolo, muona kuti ndi wosalala mpaka kumapeto. Chipolopolo chake chimakhala ndi timipira tambiri ta mtovu timene timamwazikana tikatuluka. N'chifukwa chake chimathandiza pa chinthu chouluka kapena chothamanga chapafupi, monga nkhanga, nkhwali, njiwa ndi abakha. Mphamvu yake yeniyeni imathera pa mamita 35 kapena 40. Kupitirira pamenepo mumangovulaza mbalame, n'kukafera kutali osaipeza.

Mumpope wa rifle muli mizere yopotana. Mizereyo imazunguza chipolopolo chimodzi chokha kuti chiyende mowongoka mtunda wautali. Ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwake ndi komweko. Ka rifle kakang'ono kotchedwa .22, kamene anthu amakapeputsa ati n'ka ana, chipolopolo chake chimatha kuyenda kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Cha rifle yokulirapo monga .308 kapena .30-06 chimapitirira makilomita 3. Tsono taganizirani madera ozungulira Lilongwe, kaya ndi ku Nsundwe, ku Nathenje kapena ku Mpingu: malo ndi a chidikha, midzi ndi yoyandikana, kuseri kwa munda uliwonse kuli njira yopita kuchitsime kapena ana oweta mbuzi. Mukaphonya ndi rifle pamalo otere, chipolopolocho sichiima chifukwa choti inu simukuchionanso. Pa chifukwa chimenechi, mlimi wa m'dera la anthu ambiri timamulangiza chifefe, ngakhale tikudziwa kuti rifle ndi imene ikanatipatsa ndalama zochuluka.

Manambala a 12, 20 ndi .410 amatanthauza chiyani?

Amanena za kukula kwa mpope wa chifefe, ndipo amasokoneza anthu chifukwa nambala yaing'ono ndiye mpope waukulu. Kuwerengaku n'kwakale: ankatenga mtovu wolemera paundi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 454, n'kuugawa m'mipira yofanana yokwana mumpopemo. Ikatuluka mipira 12, mfutiyo ndi 12. Mpope wa 12 ndi wa mamilimita pafupifupi 18.5, wa 20 ndi wocheperapo, pafupifupi 15.6. Ya .410 ndi yaing'ono kuposa zonsezi ndipo nambala yake ndi muyeso wa mainchesi.

Kuno kwathu yofala ndi 12, ndipo zipolopolo zake ndi zimene zimapezeka mosavuta. Ya 20 ndi yopepuka, simenya phewa kwambiri, koma zipolopolo zake zikhoza kukusowani miyezi. Wogula koyamba asankhe 12.

Kodi chipolopolo chilichonse cholowa mumfuti yanga ndingawombere?

Funso ili ndi limene timafuna kuti aliyense aliwerenge kawiri. Kulowa si kuyenera ayi.

Pa mpope wa mfuti iliyonse panadindidwa mtundu wa chipolopolo chake. Pa chifefe panalembedwanso kutalika kwa chipinda cholowamo chipolopolo: kawirikawiri mamilimita 70 kapena 76. Chipolopolo cha 76 chimalowa bwinobwino m'chipinda cha 70, mfuti n'kutsekeka, chifukwa muyesowo ndi wa chipolopolo chikatseguka kukamwa powomba. Mukawomba, chimasowa malo otsegukira, mphamvu imapanikizika mkati, ndipo mfuti yakale ikhoza kung'ambika.

Ngozi ina timaionetsa pa kauntala ndi mpope wochotsedwa pa mfuti ndi chipolopolo chopanda onga. Timatenga cha 20 n'kuchiponya mumpope wa 12. Sichiima pakhomo. Chimatsetsereka pang'ono n'kukakamira mkati pamene diso silifika msanga. Munthu akatsegula mfuti amaona ngati mulibe kanthu, n'kuikamo cha 12 pambuyo pake. Akawomba, mpope umaphulikira pamene pali dzanja lamanzere. Amene waona zimenezi ndi maso ake sasakanizanso zipolopolo za mitundu iwiri m'thumba limodzi.

Pa timipira ta mkati, nambala yaikulu ndiye timipira tating'ono. Ya 7 ndi ya njiwa, ya 4 mpaka 6 ndi ya nkhanga ndi abakha, pamene AAA ndi SSG ndi zikuluzikulu za nyama monga nguluwe. Zipolopolo timagulitsa kwa mwini laisensi yekha, ndipo zikhale za mfuti imene yalembedwa pa laisensiyo.

Ngati ndaloledwa rifle, nditenge iti?

Zimadalira ntchito imene munalemba pa pempho lanu. Ya .22 ndi ya tinyama ting'onoting'ono ndi kuphunzirira kulunjika. Za .308 Winchester ndi .30-06 ndi zapakati, ndipo zimakwanira pa nyama zambiri za kuno ku Africa; .30-06 inayamba mu 1906, .308 inabwera mu 1952. Ya .375 H&H, yopangidwa koyamba ku London mu 1912, ndi ya nyama zikuluzikulu zoopsa, ndipo munthu wamba kuno alibe nayo ntchito.

Pa mitundu, mfuti za CZ zochokera ku Czech Republic, zimene akuluakulu amazidziwa ndi dzina la Brno, zili ndi mbiri yolimba. Pa zifefe pali Baikal ya ku Russia, Mossberg ndi Remington za ku America, komanso ma Greener akale amene akadali m'mafamu ambiri. Koma dzina lisakutengeni mtima. Inyamuleni, iikeni paphewa, muone ngati diso likugwera pamzere wolunjikira popanda kupinda khosi. Mfuti yosakukwanani m'thupi mudzaphonya nayo ngakhale ikhale yodula bwanji.

Muli ndi AK-47?

Tilibe, ndipo simudzaipeza mu shopu iliyonse yovomerezeka. Mfuti zolavula zipolopolo motsatizana ndi za nkhondo, munthu wamba saloledwa kukhala nazo. Zambiri zimene zinkazungulira m'dziko muno zinalowa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, pamene malire a ku Dedza, Ntcheu ndi Nsanje ankadutsa anthu othawa nkhondo ochuluka zedi. Wina akakunong'onezani kuti ali nayo yotchipa, dziwani kuti mwina inaphapo kale munthu, ndipo mlandu wake udzagwera amene yapezeka naye. Kauzeni apolisi.

Laisensi ya mfuti ndapeza. Ndiye kuti ndikhoza kukasaka?

Ayi, zimenezo ndi zilolezo ziwiri zosiyana. Apolisi amakulolani kusunga mfuti. Kusaka nyama kapena mbalame zakutchire kumayendera nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, pansi pa National Parks and Wildlife Act. Kumeneko ndi kumene mukafunse za laisensi ya mbalame kapena ya nyama, nyengo yololedwa ndi mitundu imene mungawombe.

Lamulo limeneli linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka, chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende. M'malo monga Kasungu National Park, Nkhotakota Wildlife Reserve, Liwonde ndi Majete simulowa ndi mfuti mwachisawawa, laisensi yanu ikhale yabwino chotani. Agogo athu ankapita ku uzimba nyama zili mbwee m'tchire. Lero zatsala m'malo owerengeka, ndipo ife ogulitsa mfuti sitifuna kuti katundu wathu akhale womalizira zotsalazo.

Nanga nyama zikamawononga m'munda mwanga?

Kanenenitu kwa alangizi a zaulimi kapena kwa a zanyama zakutchire musanachite kanthu, kuti vutolo lidziwike ndipo akuuzeni zimene mukuloledwa. Pa njovu, mvuu ndi ng'ona, itanani a zanyama basi. Njovu yovulazidwa ndi chifefe siifa, imangolusa, ndipo wovutika amakhala munthu wina amene wakumana nayo m'mawa akupita kudimba.

Pa nguluwe pali vuto lakuti zimabwera usiku. Anthu awomberedwapo m'minda chifukwa cha kuyenda kwa mapesi a chimanga mumdima, mwini munda akuyesa nguluwe, chikhalirecho ndi mnansi wake kapena wantchito wake yemwe. Musawombe phokoso. Musawombe chithunzithunzi. Ngati simukuona bwinobwino chimene mwalozetsa mfuti ndiponso chimene chili kuseri kwake, chala chikhale kutali.

Ine ndikufuna yodzitetezera kunyumba. Mukundilangiza chiyani?

Mantha anu timawamvetsa. Amene anagonapo pansi m'nyumba mwake momwe, zikwanje zili pamutu, ana akulira, safunika kumuphunzitsa za kuopsa kwa akuba. Koma tikuuzeni zoona, bambo kapena mayi: mfuti ndi chinthu chomaliza pa chitetezo cha nyumba. Yambani ndi zitseko ndi mawindo olimba, magetsi a panja, agalu, kudziwana ndi anansi ndi gulu la chitetezo cha m'dera. Zimenezi zimaletsa wakuba kulowa, pamene mfuti imagwira ntchito iye atalowa kale, inu mutadzidzimuka kutulo, mtima ukugunda, mumdima momwe mukuyendanso ana anu.

Lamulo limalola munthu kudziteteza, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi choopsa chimene wakumana nacho. Kuwombera munthu amene akuthawa ndi njinga yanu kapena nkhuku zanu kukhoza kukufikitsani kukhoti pa mlandu wakupha. Kuopseza mnansi ndi mfuti pa mkangano wa malire a poloti ndi mlandunso. Dziwaninso kuti nyumba yodziwika kuti muli mfuti imakopa akuba ofuna mfutiyo, choncho si nkhani yokamba kumowa kapena yojambulitsa pa WhatsApp.

Pali chinanso chimene anthu sakonda kuchimva. M'nyumba mmene muli ndewu za m'banja, mowa wosadziletsa, kapena munthu amene akuvutika maganizo mpaka kulankhula zodzipha, mfuti isalowemo. Ngati ilimo kale, kaisungitseni kupolisi mpaka zinthu zitakhazikika. Mavuto a ngongole ndi a banja amatha, munthu n'kuyambiranso moyo, koma mfuti ikakhala pafupi pa ola loipalo sipakhala mpata wosintha maganizo.

Ndiisunge bwanji?

Mu sefa yachitsulo yokhomeredwa kukhoma kapena pansi ndi mabawuti, kuti munthu asainyamule yonse. Mfuti ikhale yopanda chipolopolo, zipolopolo zikhale potsekedwa pena. Makiyi akhale pathupi panu, osati pa msomali kuseri kwa chitseko kapena m'thumba la jekete la mu wadiropu. Ana amadziwa malo onse obisapo zinthu m'nyumba kuposa mmene makolo amaganizira. Pansi pa matiresi, kudenga ndi kuseri kwa kabati si posungira mfuti.

Poyenda nayo pa galimoto, ichotseni zipolopolo, iikeni m'chikwama chake, laisensi ikhale nanu. Musaisiye m'galimoto mutaimika pa msika wa ku Area 2 kapena pa sitolo n'kulowa kukagula zinthu.

Ndi zipangizo ziti zofunika kugula limodzi ndi mfuti?

Sefa, zotsukira, chikwama, zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso. Zotseka m'makutu anthu amazikana ati n'zachizungu, koma kulira kwa mfuti kumapitirira ma decibel 140 pa muyeso wa phokoso, ndipo khutu likawonongeka silichira. Alenje ambiri achikulire amene timacheza nawo amafuna kuwalankhula mokweza, ndipo ena khutu limawalira usana ndi usiku.

Galasi lokokera pafupi loika pa rifle ndi lothandiza, koma lotchipa limasuntha mukangowomba kangapo, n'kuyamba kukunamizani. Kuli bwino kuphunzira kaye ndi zolunjikira zachitsulo za pa mfuti pomwepo. Ndipo galasilo si loonera anthu kapena zinthu zakutali, chifukwa kumene mwalozetsa galasi ndi kumene mwalozetsanso mpope. Gulani mabainokyula a ntchito imeneyo.

Ndiziitsuka kangati?

Nthawi iliyonse mukawombera, komanso kamodzikamodzi ngakhale isanagwire ntchito, makamaka m'nyengo ya dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo pamene chinyezi chimalowa paliponse. Mfuti zambiri zimene amatibweretsera kuti tizione sizinawonongeke ndi kuwomba, zinawonongeka ndi kukhala. Imabwera yokulungidwa m'chitenje kapena m'bulangeti, nsaluyo itamwa chinyezi miyezi yambiri. Mukaivundukula, dzimbiri latsatira ndendende pamene panagwira zala za thukuta, mizere ya chala ikuoneka pachitsulo. Mukaunika mumpope mumapeza timaenje, ndipo nthawi zina mavu aumbamo chisa chadothi cholimba. Mpope wotsekeka chonchi ukhoza kuphulika pa kuwomba koyamba.

Choncho musanaikemo chipolopolo, tsegulani, yang'anani kuti kuwala kukudutsa. Pakani mafuta a mfuti pang'ono chabe. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka phula, oyilo wakuda wa galimoto amaononga thabwa. Ndipo musanayambe kutsuka, onetsetsani ndi maso komanso ndi chala kuti m'chipinda mulibe chipolopolo, ngakhale mukukumbukira kuti munachotsa.

Kodi yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino? Nanga gogodela?

Yakale yosamalidwa bwino ikhoza kuposa yatsopano yotchipa. Onani mumpope, onani ngati ikutsekeka molimba popanda kugwedera, onani ming'alu pa thabwa. Nambala yake ikhale yowerengeka bwino ndi yofanana ndi ya pa mapepala. Ngati yapalidwa kapena kufufutidwa, isiyeni pomwepo. Kugula kwa munthu mnzanu kumafunanso chilolezo chomwe chija. Kulemberana kalata pamaso pa a mfumu sikusintha umwini wa mfuti.

Gogodela ndi mfuti zosula m'midzi sitigulitsa ndipo sitikonza. Mpope wa paipi ya madzi sunapangidwire mphamvu ya onga, ndipo kukhala nayo popanda chilolezo ndi mlandu ngati mfuti ina iliyonse.

Bambo athu anamwalira n'kusiya mfuti. Titani?

Pepani ndi zovutazo. Laisensi inali ya malemuwo, sipita yokha kwa mwana kapena kwa mayi. Dziwitsani apolisi mwamsanga kuti aisunge pamene banja likukambirana. Amene akufuna kuitenga apemphe chilolezo m'dzina lake. Ngati palibe, ikhoza kugulitsidwa kwa munthu wa chilolezo kapena kusiyidwa m'manja mwa boma. Musaiike pa mulu wa katundu wogawana pambuyo pa maliro pamodzi ndi njinga ndi wailesi, ndipo amalume kapena mwini mbumba asaitenge pongoti ndi wamkulu. Masiku a maliro m'nyumba mumalowa anthu ambiri, ndiye ngati simukudziwa kuichotsa zipolopolo, tsekani chipindacho muitane apolisi adzaitenge okha.

Ndingabwereke mlonda wanga kapena mchimwene wanga?

Ayi. Dzina lolembedwa pa laisensi ndi lanu. Chilichonse chimene chichitike ndi mfutiyo, oyamba kufunsidwa ndinu.

Ikatayika kapena kubedwa?

Kanenenitu kupolisi tsiku lomwelo, musadikire kuti mwina ipezeka. Sungani nambala ya mfuti ndi chithunzi cha laisensi pamalo ena osiyana ndi pamene pali mfutiyo, kuti mukhale ndi chopereka.

N'chifukwa chiyani simulemba mitengo?

Mfuti, zipolopolo ndi zipangizo zimene timagulitsa zimachokera kunja, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inasintha yonse, ndipo kusowa kwa madola kumachedwetsa katundu. Kuitanitsa kumafunanso zilolezo zake, kaya katunduyo adzera pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pa chipata cha Dedza kapena Mchinji. Inunso musagule mfuti kapena zipolopolo ku Johannesburg kapena ku Lusaka n'kuziika m'chikwama poganiza kuti mapepala mudzakonza mukafika.

Powerengera ndalama, musaone mtengo wa mfuti wokha. Onjezanipo sefa, laisensi ya chaka chilichonse ndi zipolopolo zophunzirira.

Kodi mumakana kugulitsa kwa munthu amene mapepala ake ali bwino?

Inde, zimachitika. Munthu akabwera atamwa, timamupempha abwere tsiku lina. Akabwera ali wolusa, akutchula dzina la munthu amene wamulakwira, kaya ndi mkazi wake, mnzake wa bizinesi kapena wa ngongole, sitimugulitsa ngakhale chipolopolo chimodzi, ndipo zikafika poopsa timadziwitsa apolisi. Akamasankha wina, ndalama n'kumapereka wina, mapepala ali a wachitatu, timafunsa mafunso mpaka timve bwino mwini mfuti weniweni ndi ndani.

Kwa wogula koyamba, sitimupatsa bokosi n'kutsanzikana. Timakhala naye pansi kumuonetsa kutsegula, kutseka, kuchotsa zipolopolo ndi kutsuka, ndipo abwereze yekha ife tikuona mpaka manja azolowere. Ngati muli ndi akunyumba, bwerani nawo tsiku limenelo, chifukwa nawonso azigona m'nyumba imodzi ndi mfutiyo ndipo ayenera kudziwa kuona ngati ili ndi chipolopolo kapena ayi.